KHUTBA YA IJUMA, FURANCUNGO: KUSIYANA BWINO PA NTCHITO

Tikumtamanda Allah, Mwini chilungamo, ndipo tikumpempha kuti madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Inu akapolo a Allah, muopeni Allah pa anthu amene amakugwirirani ntchito. Fodya wachoka m'zigafa, mabelo akupita kumsika, ndipo kuno ku Macanga ndi ku Tsangano ino ndiyo nyengo imene mabwana ambiri amasiyana ndi antchito awo. Dziwani kuti mathero a ntchito ndi mbali ya pangano, monga momwe chiliri chiyambi chake.

Mu Surat Al-Qasas timamva za Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye, ali ku Madyan. Anapangana ndi mkulu wa kumeneko kuti agwire ntchito zaka 8, ndipo akafuna yekha akwanitse 10. Nthawi inatchulidwa poyera, mkuluyo analonjeza kuti sadzamuvutitsa, ndipo Musa anachoka atakwaniritsa nthawiyo. Panalibe wothamangitsidwa usiku, panalibenso wothawa mozemba.

Lamulo la ntchito la dziko lathu, Lei n.º 13/2023, limene linalowa m'malo mwa la 2007, silikutsutsana ndi zimenezi. Bwana amene akuthetsa ntchito chifukwa cha mavuto a chuma kapena a msika ayenera kupereka aviso prévio, chidziwitso cholembedwa, masiku osachepera 30 ntchito isanathe, ndi kulipira chipepeso. Ngati akuti wantchito walakwa, amlembere nota de culpa ndi kumpatsa mpata woyankha. Posiyana ampatsenso certificado de trabalho, kalata yochitira umboni ntchito imene anagwira.

Inunso antchito, amana ili pa inu. Pa pangano lopanda tsiku lothera, amene wagwira kupitirira miyezi 6 mpaka zaka 3 adziwitse bwana kutatsala masiku 15. Amene wapyola zaka 3, masiku 30. Kumsiya mnzako masamba akupsa m'munda, osatsanzika, nakonso ndi kupondereza.

Abale anga, amene mumauza munthu kuti adikire malipiro mpaka fodya agulidwe, kenako ndalama zitabwera nkumubweza chimanjamanja, kumbukirani hadith ya mu Bukhari. Imatiuza kuti pa Tsiku la Kiyama Allah Mwini adzatsutsana ndi munthu amene anagwiritsa mnzake ntchito yonse koma nkumumana malipiro. Kodi mudzamuyankha chiyani? Kaya wantchitoyo ndi wa konkuno, kaya anachokera ku Dedza kapena ku Ntcheu, thukuta lake ndi haramu kwa inu.

Amene waponderezedwa asabwezere ndi kuba kapena kutentha chigafa. Abwere ndi mboni kwa akuluakulu a mzikiti. Zikakanika, apite ku Inspecção do Trabalho. Ndipo mukamalembana ntchito chaka chamawa, lembani pangano papepala: malipiro, nthawi, ndi masiku a chidziwitso.

E Allah, yeretsani chuma chathu, tikhululukireni machimo athu, ndipo musatitenge tili ndi ngongole ya wantchito. Ameen.