Nyimbo ikagulidwa kunja, mwini wake ndani?

M'ma minibasi opita ku Chazanga mu Lusaka mumamveka nyimbo za Yo Maps ndi za kutchalitchi. Dzina la Emmanuel "Jagari" Chanda achinyamata ambiri kumeneko salidziwa, chonsecho mkuluyu amadzaza maholo ku Ulaya ndi ku America.

Jagari ankatsogolera gulu la WITCH, akatswiri a Zamrock m'zaka za m'ma 1970. Mkuwa utatsika mtengo, chuma cha Zambia chinagwa ndipo magulu oimba anabalalika. Jagari anaphunzitsa sukulu, natembenuka mtima, kenako nakakumba miyala yamtengo wapatali. Mu 2012 kampani ya ku America ya Now-Again inatulutsanso nyimbo zakale za gululi. Mu 2023 chinatuluka chimbale chatsopano cha gululi, Zango, chojambulidwa ku DB Studios mu Lusaka momwemo, Sampa the Great akuimba nawo.

Kodi luso limene Mulungu wapatsa munthu limayesedwa ndi msika? Alaliki ena amati chuma ndiye chizindikiro cha madalitso. Zikanatero, Jagari wa kumgodi akanakhala wotembereredwa, Jagari wa pasiteji wodalitsidwa, pomwe mawu ndi omwewo, munthu yemweyo. Paul Ngozi, katswiri winanso wa Zamrock, anamwalira mu 1989. Nyimbo yake inamveka dziko lonse mu 2024, woimba wa ku America Tyler, the Creator ataigwiritsa ntchito mu nyimbo ya "Noid". Madalitsowo anali a yani?

Msika umangosonyeza amene ali ndi ndalama zogulira. Koma kuti mwana wa ku Chazanga amve Zamrock koyamba kudzera kwa Mmereka, mlandu uli pa mawayilesi a ku Lusaka.