Mfundo Zofunika: Luso la pa Wailesi Siligulidwa M'sitolo

1. Makina atsopano sabwera ndi khutu. MBC itayamba mu 1964, amisiri ake ankajambula pa matepi. Wina akalakwitsa mawu, ankadula tepiyo ndi lezala n'kulumikiza mosamala moti womvera sankadziwa kuti padulidwa. Lero ntchito yomweyo imatheka pa kompyuta m'kanthawi kochepa, koma si zachilendo pa wailesi za boma kumva muulutsi akulankhula ngati akunong'ona, kenaka nyimbo n'kulowa mwaphokoso mpaka kung'amba sipika. Makinawo alibe mlandu. Chasowa ndi munthu wodziwa kumvetsera.

2. Katswiri akapuma pa ntchito, amapita ndi luso lake. Digiri ya ku MUBAS kapena dipuloma ya ku MIJ ndi yofunika, sitikukana. Koma kudziwa poika maikolofoni pojambula gule, kuti ng'oma isamize mawu a amayi oimba, munthu amaphunzira ataima pambali pa mnzake amene wajambulapo magule kwa zaka zambiri. Nyimbo za makolo zimene zinasungidwa ku MBC ku Chichiri zinajambulidwa ndi anthu otere. Tikawatsanzika ndi mphatso ya wotchi osawapatsa mnyamata kapena mtsikana woti amusule, tataya chuma chimene bajeti iliyonse singabweze.

3. Womvera wa lero ali ndi kothawira. Kale wailesi inali imodzi, ukatopa nayo unkangotseka. Radio 2 inabwera mu 1997, kanema wa TVM mu 1999, Zodiak mu 2005, ndipo pano ngakhale foni ya m'manja ndi wailesi. Mawu akadukaduka, munthu sadandaula, amangopotokola n'kupita kwina.

4. Ntchito yopatsidwa chifukwa cha chipani kapena chibale imaonekera poyera. Mu ofesi ina mbuli ikhoza kubisala kuseri kwa mafayilo, koma pa wailesi dziko lonse limamva.

5. Chilankhulo nachonso ndi luso. Panali nthawi imene anthu akatsutsana za Chichewa cholondola, ankati timve mmene anenera pa nkhani. Masiku ano nkhani zina zimamveka kuti zamasuliridwa mothamanga kuchokera ku Chingerezi, moti agogo ku Ntchisi amamva mawu onse koma osatolapo kanthu. Pa kanema napo, dzina la boma kapena la mfumu limatuluka lolakwika, n'kukhala pomwepo mpaka nkhani kutha. Kodi palibe amene amawerenga zisanaulutsidwe?

6. Amene saoneka ndiye agwira nyumba. Timadziwa maina a aulutsi, koma injiniya amene amakwera phiri mvula ili pamutu kukakonza transimita sitimudziwa, ndipo ndalama zikachepa maphunziro ake ndiwo amayamba kudulidwa. Inu akuluakulu oyendetsa wailesi za boma, ndalama zimene mumagwiritsa ntchito ndi misonkho yathu. Musanagule galimoto ina ya bwana, tumizani amisiri anu kusukulu, ndipo itanani opuma aja adzaphunzitse ana akadali ndi mphamvu.