Kwa Inu Ovina Kuseri kwa Holo

Ana anga, Loweruka lapitali ndinaima kanthawi ndithu kuseri kwa holo ya tchalitchi chathu, paja mumasonkhana ndi kasipika kanu kaja. Mutandiona ena munatsitsa nyimbo, poganiza kuti mdalayu wabwera kudzakuthamangitsani. Sindinadzere zimenezo. Ndinaima chifukwa mtima wanga unakondwa. Anzanu ambiri a msinkhu wanu amaswera atawerama pafoni, khosi lili zyoli, miyendo itachita dzanzi pampando, pamene inu ndinakupezani thukuta lili kamukamu, malaya atamatirira kumsana. Musasiye kuvina. Koma pali zinthu ziwiri zimene ndinaona zomwe zandisowetsa mtendere sabata yonseyi.

Choyamba, munkavina kwa masekondi 30, kenako nonse n'kuunjikana pa foni ya mnzanu kwa mphindi khumi kuonera zimene wajambula. Chachiwiri, mnyamata wina wamng'ono, wa malaya ofiira, anaika mutu wake pasimenti popanda choyala chilichonse n'kuyamba kuzungulira, enanu mukukuwa momuchemerera.

Muyambe mwadziwa kumene gule wanuyu wa breaking anachokera. Pa 11 Ogasiti 1973, m'nyumba ina ya pa 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx, mumzinda wa New York, mnyamata wobadwira ku Jamaica dzina lake Clive Campbell, yemwe anatchuka ndi dzina loti DJ Kool Herc, anaimbitsa nyimbo paphwando limene anakonza ndi mlongo wake Cindy. Herc anazindikira kuti anthu amavina mwamphamvu pamalo paja woimba amayamba wakhala chete n'kutsala ng'oma zokhazokha. Ndiye ankatenga malekodi awiri a nyimbo imodzi n'kumabwereza kachigawo kameneko kuti katalike. Kachigawoko amakatcha break, ndipo ovinapo anatchedwa ma b-boy ndi ma b-girl. Anali ana a m'mabanja osauka, akuda ndi a ku Puerto Rico, m'dera limene nyumba zinkapsa ndipo magulu a achinyamata ankamenyana. Analibe jimu, analibe mphunzitsi wolipidwa. Chimene anali nacho ndi nthawi, ndipo ankaithera pobwereza sitepe imodzi mpaka itakhazikika m'thupi. Kamera inawapeza pambuyo pake, atakhwima kale.

Kuno kwathu guleyu anatipeza kudzera m'mavidiyo a kaseti, chifukwa wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Tinkalipira tindalama kuti tionere Beat Street ndi Breakin', mafilimu a mu 1984, kenako n'kuthamangira kukayesa zimene taona. Ine ndinali ndi zaka 17 pamene ndinayesa windmill, kuja munthu amazungulira ndi mapewa ndi msana miyendo ili m'mwamba, ndisanaphunzire n'komwe kunyamula thupi langa ndi manja. Ndinagwera dzanja lamanzere pakhonde la simenti. Ndinabisa kwa mayi anga masabata awiri poopa kukalipiridwa, ndipo pofika kuchipatala fupa linali litayamba kale kugwirana mokhota. Mpaka lero mwezi wa Juni ukafika, kuzizira kukayamba, pamfundo ya dzanjali pamandiwawa, ndipo sinditha kunyamula ndowa ya madzi ndi dzanja limeneli. N'chifukwa chake mwana wa malaya ofiira uja sakundichoka m'maganizo.

Tiyambe ndi nkhani ya nthawi, chifukwa ndi pamene pagona phindu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zogwedeza thupi, zotulutsa thukuta, kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Kwa akuluakulu limanena mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena 75 mpaka 150 ngati masewerowo ndi olemetsa kwambiri. Mtima ndi mnofu ngati wa pamkono, umalimba ukamagwira ntchito nthawi yotalikirapo, mobwerezabwereza. Masekondi 30 a pa TikTok sangaufikitse pamenepo. Mukafuna kudziwa ngati mwavinadi, yesani kulankhula ndi mnzanu: ngati mawu akutuluka modukizadukiza chifukwa cha wefuwefu, ndiye kuti mapapo ndi mtima zalandira gawo lake. Ikani foni m'chikwama kwa ola lathunthu, nyimbo izingolira, bwalo lisazizire, wina akatuluka wina alowe. Kujambula kubwere kumapeto. Ine ndaika m'manda anzanga angapo amene anapita ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi asanakwane zaka 60, ndipo ndikamaona thukuta lanulo ndimaona chitetezo chimene ambiri a ife tinachitaya titangoyamba ntchito za pampando.

Tsono za thupi. Breaking ili ndi dongosolo lake, ndipo amene anaiyambitsa sankalumpha. Munthu amayamba ndi toprock, kuvina chiimirire, kumva ng'oma ndi mapazi. Kenako amatsikira pansi, manja atagwira pansi miyendo ikuyenda mozungulira, kuyambira pa sitepe yotchedwa six-step. Apa ndi pamene mikono, mapewa ndi minofu ya pamimba zimakhwimira. Pambuyo pake amaphunzira freeze, kuima nji ngati chithunzi thupi litatsamira pa manja. Zozungulira zija, windmill ndi headspin yozungulira ndi mutu pansi, zimabwera munthu atadutsa zonsezi, nthawi zambiri patapita miyezi yochuluka. Inu mukufuna kuyambira kumapeto chifukwa ndi kumene anthu amakuwira. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Musanayambe, takasani thupi kwa mphindi khumi. Thamangani pang'ono pamalo amodzi, zunguzani mapewa ndi akakolo, pindani ndi kutambasula manja pamfundo mpaka patenthe, chifukwa pamenepo ndi pamene pamasenza thupi lanu lonse. Simenti ilibe chifundo pa bondo kapena chigongono. Anyamata a ku New York ankayala makatoni ophwasula kapena kapeti wa pulasitiki, ndipo katoni wa firiji mungamupeze kwa ogulitsa katundu m'tauni. Za mutu ndikunenetsa: khosi lanyamula mitsempha yonse yopita kumikono ndi kumiyendo, ndipo likavulala munthu atha kulumala moyo wake wonse. Aliyense wophunzira headspin avale chisoti chokhuthala, akhale ndi wina wodziwa pambali pake, ndipo ana aang'ono musawalole n'komwe. Inu akuluakulu a gululi, mwana wa mnzanu akavulala pamaso panu mukukuwa, mlanduwo ndi wanu.

Muphunzirenso kusiyanitsa zowawa. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera m'mawa mwake ndi kwabwino, kumatha pa masiku awiri kapena atatu. Koma ululu wobaya pamfundo, kutupa, kapena dzanzi lotsika ndi mkono, zimenezo si za kulimba mtima. Siyani, uzani makolo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Masabata awiri amene ine ndinabisa ndi amene anandiwonongera dzanja, kuposa kugwa kwenikweniko.

Si aliyense ayenera kuzungulira pansi, ndipo ndinamva chisoni kuona atsikana atatu ndi mnyamata wina wonenepa ataima kunja kwa bwalo ngati alendo. Aitaneni. Kuli locking, imene Don Campbell anayambitsa ku Los Angeles cha m'ma 1970, ya manja othamanga ndi kuima mwadzidzidzi. Kuli popping ya Boogaloo Sam wa ku Fresno, yokunga minofu n'kuimasula motsatira ng'oma. Kuli krump, yobadwira ku South Central Los Angeles kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, yopondaponda mwamphamvu ndi kututumula chifuwa, imene achinyamata a kumeneko ankatulutsira mkwiyo m'malo momenyana. Abale athu obwera kuchokera ku Joni amadziwa pantsula, ya mapazi othamanga ngati akuponda makala. Zonsezi munthu amavina chiimirire, koma thukuta lake n'lochuluka ngati la wovina malipenga kapena ingoma dzuwa lili pamutu. Za atsikana musakayike: pa masewero a Olympics a ku Paris mu 2024, pamene breaking inalowa koyamba, mendulo ya golide ya amayi inapita kwa Ami wa ku Japan, ya abambo kwa Phil Wizard wa ku Canada. Paja aliyense ankalowa m'bwalo kwa mphindi yosaposa imodzi, koma mphindi imeneyo inali itakonzedwa kwa zaka zambiri za kubwereza popanda woonera.

Chimodzi chomaliza, ndipo ndilankhula mosapsatira. Ndinamva fungo la kachasu kwa mmodzi wa inu. Mowa ndi chamba zimanamiza munthu kuti ali ndi mphamvu pamene zamulanda kuchirimika kwa miyendo, ndipo woledzera akaima ndi manja amagwera khosi. Bwerani ndi botolo la madzi, mudye kanthu maola awiri musanayambe, kaya ndi mbatata, nthochi kapena phala, ndipo mugone mokwanira, pakuti minofu imakula munthu ali m'tulo.

Kunyumba kwanga kuli kapeti wa pulasitiki amene tinachotsa pabalaza chaka chatha, akadali wabwino ndithu. Anyamata awiri abwere Lachisanu madzulo adzamunyamule. Loweruka ndidzabwera ndi mpando wanga ndi wotchi, ndipo mwana wa malaya ofiira uja mumuuze kuti ndikufuna ndione toprock yake.