Chithunzi cha Chosaoneka: Choona Kapena Fano?

Kanema wa mamolekyu ndi chithunzi choyenda chimene asayansi amapanga pakompyuta posonyeza mmene tinthu ting'onoting'ono ta m'thupi timakhalira. Kawirikawiri amayamba ndi puloteni yooneka ngati chibulumwa cha mabampu ndi maenje. Kenaka khungu lake limazilala pang'onopang'ono mpaka zam'kati zitaonekera: maatomu olumikizana ndi timitengo, ndi mankhwala atakhazikika pamalo pake. Luso limeneli limadzutsa funso lakalekale la anthu oganiza mozama ndi achipembedzo: kodi chithunzi cha chinthu chimene diso silinachionepo chinganene zoona?

Kuzilalako sikuchitika kokha. Wopanga kanema amalemba malamulo m'pulogalamu monga PyMOL, imene anayambitsa Warren DeLano, kapena ChimeraX ndi VMD. Mu PyMOL, nambala 0 imasonyeza khungu lotseka, 1 khungu losaonekanso. Malamulowo amakweza nambalayo pang'ono pa chithunzi chilichonse, kotero kuti zithunzi 60 zoyenda 30 pa sekondi zimachotsa khungu m'masekondi awiri. Malo a atomu iliyonse amatengedwa ku Protein Data Bank, nkhokwe imene inatsegulidwa mu 1971 ndi mapuloteni 7, ndipo lero ili ndi mipangidwe yoposa 200,000.

Zimene zimaoneka m'makanema otere zimakhudza moyo wa anthu a ku Chileka ndi ku Lirangwe. Kuyambira mu 2019, ma ARV amene anthu ambiri m'Malawi amalandira kuchipatala ali ndi mankhwala a dolutegravir. Kachilombo ka HIV kali ndi puloteni yotchedwa integrase, imene imalowetsa DNA ya kachilomboko mu DNA ya munthu. Dolutegravir amakakhala pakati pa puloteniyo n'kugwira maatomu awiri a magnesium, ntchito yonse n'kuima. Mayi amene amamwa mbulu wake tsiku ndi tsiku sanaonepo zimenezi, ngakhalenso dokotala amene anam'patsa. Kanema ndiye amaika ntchitoyo pamaso pa onse awiri.

Wokayika ali ndi mfundo zolemera. Molekyu ilibe mtundu monga zithunzi zimasonyezera, pakuti mafunde a kuwala kooneka ndi maso ndi a nanomita 400 mpaka 700, pamene atomu siifika ndi nanomita imodzi yomwe. Kufiira kwa oxygen ndi kubiriwira ngati thambo kwa nitrogen ndi mgwirizano chabe wa asayansi. Khungu nalonso kulibe. Mu 1971 Byungkook Lee ndi Frederic Richards anafotokoza njira yolembera malire a puloteni poyerekeza kampira koimira molekyu ya madzi kakugubuduzika pamwamba pake, ndipo Michael Connolly anaikonzanso mu 1983. Komanso puloteni yeniyeni siikhala duu. Imanjenjemera ndi kupindika nthawi zonse. Pamenepa wina anganene kuti anthu aumba chifaniziro ndi manja awo kenaka n'kuchikhulupirira, chimene chaputala 20 cha buku la Eksodo chimaletsa pa nkhani ya kupembedza.

Mipingo inalimbana ndi funso lofanana nalo kwa zaka mazanamazana. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787 unagamula kuti ulemu woperekedwa ku chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho. Okonzanso mpingo monga John Calvin anakana zithunzi m'nyumba zopemphereramo, poona kuti mtima wa munthu suchedwa kuima pa chooneka n'kuiwala chosaoneka. Kusiyanaku kulipo mpaka lero pakati pa tchalitchi cha Katolika ndi cha CCAP, ndipo mzikiti nawo suika zithunzi za anthu. Komabe onsewa amagwirizana pa mfundo imodzi: chithunzi si chinthu chenichenicho. Chizindikiro chimatumiza maganizo kwa mwini wake. Fano limawatsekera pa ilo lokha.

Muyeso womwewo umagwira ntchito pa kanema wa molekyu. Kunena zoona kwake sikuli pa kufanana ndi zimene diso lingaone, chifukwa diso silingaone kanthu pamenepo. Kuli pa kukhulupirika ku zimene zinayezedwa. John Kendrew atasonyeza mpangidwe wa myoglobin mu 1958, ndi Max Perutz wa haemoglobin pambuyo pake, sanalote. Anawerengera mipangidweyo kuchokera pa mmene ma X-ray amamwazikira akadutsa m'timiyala ta puloteni. Ena angathe kubwereza muyesowo n'kuutsutsa ngati walakwika. Apa sayansi imasiyana ndi chikhulupiriro: zonse zimakamba za zosaoneka, koma sayansi imatsimikiza poyeza, pamene chikhulupiriro chimatsamira pa kudalira Mulungu. Kusokoneza ziwirizi kumachepsa zonse.

Kuzilala kwa khungu ndiye mbali yoona mtima kwambiri ya kanemayo. Khungu likanangoti zii nthawi imodzi, woonera akanaona zithunzi ziwiri zosadziwana. Likamazilala mwapang'onopang'ono, pamakhala kamphindi pamene kunja ndi m'kati zimaonekera limodzi, ndipo munthu amazindikira kuti dzenje limene analiona pamwamba ndilo malo amene mankhwala akhala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuwonjezera apo, khungu lozilala limadziulula lokha kuti ndi chojambula cha munthu, choikidwa ndi kuchotsedwa ndi nambala. Fano silingalole kuchotsedwa chotero.

Chotsala ndi udindo wa wopanga kanema, pakuti iye ndiye amasankha chozilala, chotsala ndi mbali yoonera. Ayenera kunena poyera zimene zinayezedwa ndi zimene wawonjezera kuti zimveke. Mwachitsanzo, mpangidwe wa dolutegravir atagwira integrase umene unasindikizidwa mu 2011 unali wa kachilombo kena kachibale, osati wa HIV yeniyeni. Kanema wogwiritsa ntchito mpangidwewo popanda kutchula zimenezi amasocheretsa woonera ngakhale atomu iliyonse ili pamalo pake. Chithunzi cha chosaoneka chimanena zoona chikatsata muyeso, chikaulula malire ake, ndipo chikapanda kudziika m'malo mwa chinthu chimene chikuimira.