Kodi Zaka za Mwana Adzazichitira Umboni Ndani?

Pamene munthu aimbidwa mlandu wa kuipitsa mwana, woweruza ayenera kutsimikiza zinthu ziwiri: kuti choipacho chinachitikadi, ndiponso kuti wolakwiridwayo anali mwana pa tsikulo. Chachiwirichi chioneka ngati chapafupi, komatu milandu ina imafera pomwepo. M'Malawi muno malire a zaka pa mlandu umenewu kale anali 13. M'chaka cha 2011 anawakweza kufika 16, ndipo mu 2023 anafika 18, molingana ndi Malamulo Aakulu a dziko, amene chiyambire 2017 amati mwana ndiye aliyense wosakwana zaka 18. Tsono mwezi umodzi wokha ungathe kutembenuza chiweruzo.

Ena amadandaula, nati: "Woweruza afuniranji umboni, mwanayo ali pamaso pake?" Koma maso amanyenga. Mwana wina amakula msanga, wina amapinimbira ndi njala; ndipo woimbidwa mlandu naye sayenera kumangidwa chifukwa cha maonekedwe okha. Dokotala angathe kupima mano ndi mafupa, koma iye amangoyerekeza zaka, satchula tsiku. Umboni wolimba uchokera m'kalata ya kubadwa, m'buku la kuchipatala, m'kaundula wa ubatizo kapena wa sukulu, ndi m'kamwa mwa mai amene anabala mwanayo.

Apa ndipo pagona funso lathu: kodi kulembetsa chaka chonama ndi kanthu kakang'ono? Kholo lina lichepetsa zaka za mwana kuti amlandire ku sukulu. Lina liziwonjezera kuti mtsikana akwatiwe msanga. Tsiku la mlandu likafika, makalata awiri atsutsana, chikaiko chilowa m'bwalo, ndipo chikaikocho chipulumutsa wolakwa. Bodza lija limene linaoneka losapweteka munthu lamlanda mwana chishango chake. Lamulo la Mulungu loletsa umboni wonama siliyambira m'bwalo la milandu ai; liyambira pa tsiku limene tilemba dzina la khanda.

Inu aphunzitsi a Mpingo, ntchito iyi ikukhudzani. Msonkhano wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti maubatizo azilembedwa m'buku, ndipo lamulo 877 la Malamulo a Eklezia a 1983 lifuna kuti tsiku ndi malo obadwira zilembedwenso. Musalembe zongoganizira. Funsani buku la kuchipatala. Ngati tsiku lenileni silidziwika, nenani poyera kwa Bambo Mfumu kuti silidziwika.

Inunso makolo, lamulo la kalembera la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, likulamulani kulembetsa mwana aliyense wobadwa. Chitani zimenezi mwana akali kumsana, nimusunge kalatayo pabwino. Khanda silingathe kukumbukira tsiku lake lobadwa. Limadalira ife akulu kuti tilisungire choonacho, mpaka pa tsiku limene lidzachisowa.