Kusankha ndi Kusankhidwa

M'Chichewa cha masiku onse, mwana wokhoza mayeso sasankha sukulu, amasankhidwa. Kwa zaka zambiri makolo a ku Malawi ankatchera khutu ku wayilesi ndi kufunyulula nyuzipepala kuti amve ngati mwana wawo "wasankhidwa kupita ku Chancellor College" kapena ku Bunda. Kachidutswa ka -idw- ka m'mneniyu kamavula mwana udindo. Wina ndiye wagamula, ndipo zinthu zikadzavuta m'tsogolo pali woti n'kumuloza chala.

Ku Johannesburg, mwana wa Mmalawi amene wakulira ku Mayfair kapena ku Rosettenville, akakhoza bwino matiriki, angathe kulandira makalata awiri omuvomera: ina yochokera ku University of the Witwatersrand, imene aliyense amaitchula kuti Wits, ina ku University of Johannesburg, kapena kuti UJ. Masukulu awiriwa atalikirana makilomita ochepa chabe, ina ku Braamfontein, likulu la inzake ku Auckland Park. Apa mneni uja wataya -idw- wake. Funso limene latsala ndi lakuti: posankhapo, mwanayo amvere ndani?

Chitsanzo chake n'chosavuta kuchipeza. Bambo ndi telala wochokera ku Mangochi, ndipo mwana wake wamkazi akufuna maphunziro oyeza maso ndi kupereka magalasi, amene amaphunzitsidwa ku UJ, pa nthambi ya Doornfontein. Wits yamupatsa malo pa digiri ya sayansi wamba. Bambowo akuti: "Mwanawe, ku Wits n'kumene kunaphunzira Mandela. Kumudzi akamva dzina limenelo adzadziwa kuti sitinabwere kudzasewera kuno." Mwanayo akuyankha mwaulemu kuti: "Ababa, dzinalo ndi lalikuludi, koma ntchito imene ndikuifuna kumeneko kulibe."

Bambowo sayenera kusekedwa. Dzina la Witwatersrand lili ndi mbiri yowawa m'makutu a Amalawi. Lili m'kati mwa mawu akuti Wenela, chidule cha Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkatenga amuna a ku Nyasaland kukakumba golide pansi pa mtunda womwewo. Ulendo umenewu ndi umene Dr Banda anauimitsa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi. Yunivesite ya Wits nayo inabadwa ku migodi: inayamba mu 1896 ku Kimberley ngati sukulu ya zamigodi, n'kusamukira ku Johannesburg mu 1904, n'kukhala yunivesite mu 1922. Munthu amene agogo ake anatsikira kunsi kwa nthaka imeneyo, akafuna kuti mwana wake akhale m'kalasi pamwamba pake, sakungofuna kudzitama. Akufuna kubweza ngongole ina imene palibe khoti lingaiweruze.

Komabe dzina limabisa zambiri monga momwe limaululira. Mandela analowadi ku Wits mu 1943, koma anachokako wopanda digiri. Ya malamuloyo anadzaipeza mu 1989 kudzera ku Unisa, akali m'ndende. Benedict Vilakazi, amene analandira udokotala pa sukuluyi mu 1946 ndi kulemba dikishonale ya Chizulu pamodzi ndi Clement Doke, analembedwa ntchito poyamba ngati wothandizira chabe pa ziyankhulo. Ophunzira akuda ankaloledwa m'kalasi koma osati ku magule ndi masewero. Ndi zoona kuti Wits inatsutsa poyera lamulo la 1959 lopatula mayunivesite potengera khungu, ndipo ulemu umenewo ndi wake. Koma tsinde la mawu akuti kusankha ndi lomwelo la tsankho, ndipo sukulu iliyonse yotchuka inatchuka, mwa zina, chifukwa cha anthu amene inawatsekera kunja.

UJ ilibe dzina lakale loti n'kulinyadira, chifukwa inapangidwa mu 2005 pophatikiza masukulu amene sankayenera n'komwe kukhalira pamodzi: Rand Afrikaans University ya 1967, imene inamangidwira Maburu, Technikon Witwatersrand yophunzitsa ntchito zamanja ndi zaumisiri, ndi nthambi za Vista zimene boma latsankho linakonzera anthu akuda a m'malokeshoni, kuphatikizapo ya ku Soweto. Maphunziro amene mtsikana uja akuwafuna ali m'gulu la ntchito zogwirika zoterozo, zimene anthu ophunzira amakonda kuzipeputsa mpaka tsiku limene maso awo ayamba kuchita chidima.

Amene amati mwana ndiye mwini moyo wake, kotero asankhe yekha, amaiwala wolipira. Thandizo la NSFAS ndi la nzika za South Africa, ndipo mwana amene ali ndi pasipoti ya Malawi amadalira singano ya bambo ake ndi ndalama zimene zikanatumizidwa kumudzi. Ngakhale ana a eni dziko analephera kupirira fizi: zionetsero za FeesMustFall zinayambira pa Wits pomwepo mu Okutobala 2015. Wolipira ali ndi mawu, ndipo mwana wokana kuwamva n'komwe ndi wosayamika. Koma ndalama zimapatsa bambo ufulu womvedwa, osati wogamula. Chifukwa chake n'chakuti chisankhochi chili ndi mbali imene sangaisenze: si iye amene adzakhale zaka zitatu kapena zinayi pa phunziro losalikonda, ndipo si iye amene adzayende ndi satifiketi m'manja kufunafuna ntchito. Bambo akagamula, wabwezeretsa -idw- uja pa mwana amene anali atangomasuka kumene, ndipo mwanayo akadzalephera adzakhala ndi womuloza chala m'nyumba momwemo.

Pali chinanso chimene onse awiri ayenera kuchikumbukira asanakangane mpaka makalata kutha mphamvu, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Mu Januwale 2012, pa chipata cha UJ cha Bunting Road, anthu masauzande anapanikizana pofuna malo otsala, ndipo mayi wina amene anaperekeza mwana wake anafera pomwepo. Ambiri mwa amene anaima pa mzere umenewo analibe kalata ngakhale imodzi.