MTENDERE WA MUMTIMA NDI CIKONDI CA PA MLENDO

Mau owerenga: Yohane 1:43-51, Levitiko 19:33-34.

Kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka kuli komboni imene dzina lace ndi Mtendere, ndipo kumwera kuli ina, Chawama, ndiko kunena kuti zinthu zakoma. Maina awa ngokoma m'khutu, ndipo aonetsa cimene mitima ya anthu inalakalaka pomanga nyumba zao. Koma okhala komweko adziwa kuti munthu akhoza kugona m'Mtendere usiku wonse osaona tulo. Dzina la malo silitonthoza mtima wobvutika. Tsono mtendere weniweni ucokera kuti?

Pamene boma la Angerezi linasamutsa likulu kucokera ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935, silinayembekeze kuti munthu wakuda adzakhala mumzinda masiku ace onse. Iye anayenda ndi citupa, ndipo nyumba inali ya nchito. Nchito ikatha, nayonso nyumba yatha. Matero inamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, koma nyumba sizinakwanire khamu lofika kucokera kumidzi. Cotero ambiri anamanga pa mafamu a eni malo, nalipira lendi. Komboni ya George ikali kudziwika ndi dzina la mwini malo wakaleyo. Lamulo la m'caka ca 1974 ndilo linatsegula njira yakuti makomboni otere abvomerezedwe ndi kukonzedwa. Lamulo linacotsa mantha a kugwetseredwa nyumba, koma manyazi a mumtima silinawacotse.

1. Munthu alandire cimene Mulungu anamupatsa.

Alipo mnyamata wa ku Kanyama amene polemba kalata yofuna nchito aikapo keyala ya amalume ace a kumayadi, poopa kuti dzina la kwao limtayitsa mwai. Alipo mai wophwanya miyala ku Kalingalinga amene m'chalichi abisa manja ace m'citenje, cifukwa ngong'aluka. Anthu awa sanabe kanthu, sananamizire munthu mlandu; komabe ayenda ngati otsutsidwa. Mtima wotere supuma, pakuti tsiku lililonse udziyesa pa muyeso wa anthu ena, nupezeka woperewera.

Uthenga wa Yohane unena za Natanayeli, amene pakumva kuti Mpulumutsi ndi wa ku Nazarete, anakayika ngati mudzi wonyozekawo ungabale cinthu ca phindu. Filipo sanakangane naye. Anangomuitana kuti akadzionere yekha. Ndipo Ambuye Yesu sanabise kwao nthawi iliyonse. Anagwira nchito ya mmisiri wa mitengo komweko, ndipo dzina la mudzi wonyozekawo linalembedwa pamwamba pa mtanda wace. Ngati Mwana wa Mulungu sanacite manyazi ndi Nazarete, Mkristu acitirenji manyazi ndi Kanyama?

Koma pano pafunika kusiyanitsa bwino. Kudzilandira sikuli kulandira cimo. Woledzera ndi kacasu, amene ana ace agona ndi njala, asanene kuti ndimo anabadwira, iyeyo alape. Zilipo zinthu zoyenera kulapa, ndipo zilipo zoyenera kulandira ndi kuyamika. Mtundu wa munthu, cinenero ca amace, nkhope yace, nyumba ya cipinda cimodzi, nchito yogulitsa makala kapena tomato ku msika wa Soweto, izi si macimo ai. Ambiri alira usiku cifukwa ca zinthu zimene Mulungu sanawatsutse nazo, nasiya osalapa zimene awatsutsa nazo.

2. Wodzinyoza sacedwa kunyoza mnzace.

Munthu amene amva kuti ali pansi pa onse amafuna wina woti amponde, kuti naye aoneke wamtali. M'mwezi wa April 2016 anthu a ku Lusaka anaona cipatso cowawa ca mtima wotere. Anthu angapo anali ataphedwa mwankhanza ku George ndi malo oyandikana, ndipo mantha anagwira makomboni. Inabuka mphekesera yakuti eni masitolo a ku Rwanda ndiwo anacita ici kuti malonda ao ayende. Makamu anathyola masitolo oposa 60, natenga ufa, shuga ndi mafuta. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo onse awiri anali nzika za Zambia. Moto woyatsira mlendo unadya ana a m'nyumba.

Ambiri a alendowo anali atathawa mwazi wa m'dziko lao wa caka ca 1994. Tsono anathawanso kaciwiri, napeza pobisala m'chalichi ca St Ignatius, kumene Pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, anapita kukawaona. Cisoni ca ofedwa cinali coona, ndipo umphawi wa othyola masitolo unali woona. Koma palibe mwa izi cimene cinabwezera mtendere m'nyumba iliyonse. Ufa wakuba unatha m'masiku owerengeka, cikumbumtima cinatsala.

Buku la Levitiko lilamula Aisrayeli kuti akonde mlendo monga adzikonda eni, ndipo cifukwa cace ndi ici, kuti iwonso anakhala alendo ku Aigupto. Lamulo ili lili ndi miyendo iwiri: kudzikonda koyenera, ndi kukumbukila. Ndani wa ku Matero kapena Chawama amene makolo ace sanafike ndi kamtolo pamutu? Wina anacokera ku Chipata, wina ku Kasama, wina ku Mongu, wina ku Malawi. Akale anati, caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

3. Thupi ndi limodzi, Mlengi ndi mmodzi.

Mtumwi Paulo anaphunzitsa anzeru a ku Atene kuti mitundu yonse ya anthu inaturuka m'kholo limodzi (Macitidwe 17:26). Lusaka anaphunzira comweco pa mliri wa kolera. M'mwezi wa January 2024 bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandulika cipatala. Pamenepo Mcewa, Mbemba, Mtonga ndi Mlozi anagona moyandikana, namwa madzi amodzimodzi a mcere ndi shuga, ndipo nthendayo sinafunse munthu mtundu wace. Cimene nthenda inaphunzitsa mwa ululu, Uthenga Wabwino uphunzitsa mwa cisomo. Wozindikira kuti mnansi wace naye aopa, naye acita manyazi, naye alirira ana ace, apeza kuti katundu wace wapepuka, pakuti aleka kuganiza kuti iye yekha ndiye wosiyidwa.

Cifukwa cace wowerenga aliyense, polowa m'caka catsopano, ayese zinthu zitatu izi. Poyamba, m'mawa uliwonse ayamike Mulungu cifukwa ca cinthu cimodzi cimene kale anacita naco manyazi. Kaciwiri, akafunsidwa kumene akhala, anene zoona ndi nkhope yoweramuka. Kacitatu, akamva mphekesera yonena za mlendo, ithere m'khutu lace, ndipo mawa lace akampatse moni mlendoyo pa kantemba kace, namfunse za ana ace.

Wocita izi sadzalemera nazo, ndipo madzi a mvula adzadzazabe misewu ya Kanyama m'mwezi wa February. Koma adzagona ngati mwana wa m'nyumba ya Atate, amene sayenera kugula malo ace ndi zobvala kapena ndi keyala. Yesu wa ku Nazarete, amene anadziwa Natanayeli asanamuitane, adziwanso khomo lililonse la ku George, Matero, Kanyama, Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere. Iye apatse okhalamo onse, eni dziko ndi alendo omwe, mtima wokhazikika caka conse. Amen.